Tabuleti ya pagome lolalikira: mainchi 8, 11 kapena 13?

Nambala ya mainchi yolembedwa pa bokosi la tabuleti imasocheretsa ogula ambiri, chifukwa amayeza mopingasa, kuchokera pa ngodya ya m'munsi kufika pa ngodya ya m'mwamba ya mbali inayo. Mukamva 8.3 ndi 10.9 mumaganiza kuti kusiyana kwake n'kwa zala ziwiri basi. Tengani rula muone. Sikirini ya iPad mini ya mainchi 8.3 ndi pafupifupi masentimita 17.7 m'litali ndi 11.6 m'lifupi. Ya iPad wamba ya mainchi 10.9 ndi 22.7 ndi 15.8. Ya iPad Air yaikulu, ya mainchi 13, ndi 26.3 ndi 19.7. Mukawerengera malo onse oika zilembo, yaikuluyi imaposa mini kawiri ndi theka.

Musanapereke ndalama, dulani makatoni atatu pa miyeso imeneyi, mupite nawo kutchalitchi tsiku lopanda mapemphero, muwaike pagome. Muone ngati katoni yaikulu ikusiya malo a Baibulo la pepala ndi buku la nyimbo, ngati thabwa la m'munsi lotchinga mabuku silikuphimba mzere womaliza, komanso ngati khosi la maikolofoni silikudutsa pakati pa maso anu ndi katoniyo. Magome ambiri anakhomedwa poyeza Baibulo lotsegula limodzi, ndipo ena ndi otsetsereka kwambiri moti chinthu cha galasi ndi chitsulo chimaterereka chokha.

Kwa m'busa, mkulu wa mpingo kapena katekisiti amene agula tabuleti imodzi yokha yoti azichitira zonse, yoyenera ndi ya mainchi 10.9 kapena 11. Zifukwa zake zili pa mtunda wa maso, pa mtundu wa zolemba zimene mumawerenga, ndi pa Chichewa chenichenicho.

Mukamawerenga muli khale pampando, tabuleti imakhala masentimita 30 mpaka 40 kuchokera kumaso. Mukaimirira pagome mtundawo umafika 60 kapena 70, nthawi zina kuposa ngati ndinu wamtali kapena mumakonda kubwerera m'mbuyo polankhula. Zilembo zofunika pamenepo ndi zazikulu pafupifupi kawiri. Ndipo pagome simuwerenga mzere ndi mzere ayi. Mumayang'ana mpingo, n'kugwetsa maso kamphindi, n'kupeza pamene munalekezera. Pa sikirini ya mainchi 8, mukakulitsa zilembo kufika pa saizi 20 kapena 22, pamatsala mizere yochepa moti mfundo imodzi ya ulaliki imagawika masamba awiri kapena atatu. Chala chimangokhalira pa galasi, ndipo kusuntha kulikonse ndi mwayi wotaya malo. Pa mainchi 11 mfundo yonse ndi vesi lake zimakwanira tsamba limodzi. Amene adutsa zaka 40, maso atayamba kuvuta kuona zapafupi, asaganizire n'komwe za yaing'ono pa ntchito ya pagome.

Nkhani ya Chichewa ndi iyi: mawu athu ndi aatali, chifukwa mneni mmodzi amanyamula wochita, nthawi, wochitidwa ndi kukana komwe. Mawu ngati "sindidzakusiyani" kapena "anawalalikira" akakhala pa mzere wopapatiza, mapulogalamu ambiri sadziwa kuwadula, amangowaponya mzere wotsatira n'kusiya mpata waukulu. Vesi limene m'Chingerezi litenga mizere itatu, mu Buku Lopatulika lingathe kutenga isanu. Zikafika poika mabaibulo awiri pambalipambali, monga Buku Lopatulika kumanzere ndi Buku Loyera kapena Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero kumanja, vutolo limakula. Mukagoneka mini n'kuigawa pawiri, mbali iliyonse imatsala ndi masentimita osakwana 9, pafupifupi ngati foni ziwiri zogundizana. Pa mainchi 11 mbali iliyonse ili ndi masentimita 11 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo pa mainchi 13 ili ndi 13. Amene amalalikira m'Chingerezi ndi m'Chichewa nthawi imodzi, kapena womasulira amene afuna kuona vesi m'zinenero zonse, malire ake a pansi ndi 11.

Pali zolemba za mitundu iwiri, ndipo ambiri amagula asanazisiyanitse. Baibulo la m'mapulogalamu monga YouVersion, Olive Tree, Logos kapena AndBible limadzikonza lokha: mukakulitsa zilembo, mizere imasintha kuti ikwanire. PDF siitero. Tsamba lake ndi louma, limangochepetsedwa lonse kuti lilowe mu sikirini. Mabuku a kusukulu ya ubusa, ndondomeko za mapemphero, makalata a ku sinodi kapena ku dayosizi, pafupifupi zonsezi zimabwera pa A4, amene ndi masentimita 21 ndi 29.7. Pa mini tsamba limenelo limachepa kufika pa 55 peresenti, ndiye kuti zilembo za 12 zimaoneka ngati za 6 ndi theka. Pa iPad ya 10.9 limafika pa 75 peresenti, zilembo n'kukhala ngati za 9, zowerengeka m'manja koma osati pagome. Pa mainchi 13 limayandikira 90 peresenti. Ngati theka la kuwerenga kwanu ndi mabuku ojambulidwa pa sikana, apa ndiye pamene yaikulu imabweza ndalama zake.

Koma ulaliki wanu mumalemba nokha, choncho musaulembe pa A4. Mu Word kapena Google Docs sankhani pepala la A5, la masentimita 14.8 ndi 21, chepetsani mipata ya m'mbali kufika pa sentimita imodzi, ikani zilembo za 18 kapena 20, kenako musunge ngati PDF. Sikirini ya Samsung Galaxy Tab A9+ ili ndi masentimita 14.8 m'lifupi, ndiye tsambalo limaoneka ndendende mmene likanaonekera losindikiza. Pa iPad ya 10.9 limakulirapo pang'ono. Mu pulogalamu yowerengera PDF sankhani kutembenuza tsamba limodzilimodzi, osati kukoka mawu chokweza. Pokoka, mawu amathamanga mopitirira ndipo palibe chizindikiro cha pamene munali. Potembenuza, mumadziwa kuti mfundo yachiwiri ili pamwamba pa tsamba 4, ndipo diso limakumbukira malo. Mitu ya mfundo ilembeni mokhathamira, mavesi muwapatse mtundu wina, ndipo musalole chiganizo kuyambira tsamba lina n'kuthera lina.

Maonekedwe a sikirini amasiyananso ngakhale mainchi ali ofanana. Ya iPad ndi yotakata, yoyandikira pepala. Matabuleti ambiri a Android ndi a 16:10, aatali ndi opapatiza, oyenera kanema. Tab A9+ ya mainchi 11 ili ndi masentimita 23.7 ndi 14.8, kotero ikaimirira imachepa sentimita yathunthu m'lifupi poyerekeza ndi iPad ya 10.9, ndipo ikagona mizere yake imachepa. Si vuto lalikulu pa Baibulo, koma pa PDF ya A4 limaoneka. Musasokonezekenso ndi iPad ya 2025 imene amaitcha ya mainchi 11: sikirini yake ndi yofanana ndi ya 2022 ija ankaitcha 10.9, madontho opanga chithunzi (ma pixel) 2360 ndi 1640 onse awiri.

Kuthina kwa madontho nako n'kofunika kuti zilembo zioneke bwino. Mini ili ndi madontho 326 pa inchi, ndipo zilembo zake ndi zakuthwa kuposa za iPad zinazo zimene zili ndi 264. Tab A9+ ili ndi pafupifupi 206, zokwanira bwino. Tab A9 yaing'ono ya mainchi 8.7 ili ndi madontho 1340 ndi 800 okha, pafupifupi 180 pa inchi, ndipo timanambala ta mavesi ndi timawu ta m'munsi mwa tsamba timayamba kuoneka ngati tafufutika. Matabuleti otchipa a mainchi 10 okhala ndi 1280 ndi 800 amatsika kufika pa 150. Amene amawerenga Chigiriki kapena Chihebri awapewe amenewa, chifukwa timadontho ta pansi pa zilembo za Chihebri timaphatikana. Ambiri mwa otchipawa alinso ndi RAM (memore yogwirira mapulogalamu otsegula) ya 2 GB kapena 3 GB, ndipo mukatsegula Baibulo ndi zolemba zanu pamodzi, imodzi imatsekeka yokha mukasinthira ku inzake. Yambirani pa 4 GB. M'sitolo, igonekeni tabuletiyo patebulo, muimirire, muiyang'ane chapambali monga mudzachitire pagome. Sikirini yosakhala bwino imada kapena kuyera ikaonedwa mopendekera.

Yaing'ono ili ndi malo ake, ndipo ndi aakulu. Mini imalemera magalamu 293, Tab A9 pafupifupi 330. Imagwirika dzanja limodzi, lina litagwira maikolofoni, imalowa m'chikwama cha m'manja, ndipo kwa woyendera odwala, wotsogolera mapemphero a m'milaga kapena limana, kapena mlaliki woyendayenda kutsogolo wosaima pagome, palibe yoiposa. IPad ya 10.9 imalemera magalamu 477, Tab A9+ 480, ndipo mukawonjezera kava yolimba zimapitirira 600. Kuinyamula dzanja limodzi kwa mphindi 40 kumatopetsa mkono. Amene ali kale ndi laputopu yokonzera ulaliki, ndipo amalalikira ndi mitu yochepa chabe osati mawu onse olembedwa, atenge yaing'ono mtima uli m'malo. Funso ndi lakuti kodi ikuposa foni yanu mokwanira. Mafoni ambiri masiku ano ali ndi mainchi 6.5 kapena 6.7 koma ndi opapatiza, pafupifupi masentimita 7, choncho mainchi 8 akadali kusintha kooneka.

Ya mainchi 13 ndi ya patebulo. IPad Air yaikulu imalemera magalamu pafupifupi 617, iPad Pro ya 12.9 ya 2021 ndi 2022 imafika 682. Pokonza ulaliki ndi yabwino zedi: Baibulo mbali ina, buku lomasulira ndime mbali ina, kiyibodi ya Bluetooth kutsogolo. Pogona nayo pabedi kapena kuwerenga m'minibasi ndi chintchito. Pagome laling'ono imadya malo onse, ndipo usiku kuwala kwake kumamenya nkhope ya mlaliki kuchokera m'munsi, anthu n'kumaona. Mtengo wake nthawi zambiri ungagule tabuleti ya mainchi 11 ndi laputopu yogwiritsidwapo kale. Yoposa apa, monga Galaxy Tab S9 Ultra ya mainchi 14.6, siyenera n'komwe kulowa m'nkhani ya kulalikira.

Olemba pamanja adziwe kuti Galaxy Tab S9 FE ya mainchi 10.9 imabwera ndi S Pen, cholembera cha pa sikirini, m'bokosi momwemo, pamene Apple Pencil imagulidwa payokha, ndipo Tab A9+ siigwira ntchito ndi S Pen. Kiyibodi ya pa sikirini imaphimba pafupifupi theka la malo tabuleti ikagona, choncho pa mainchi 8 kulemba ulaliki wathunthu popanda kiyibodi yapadera n'kudzizunza.

Zimene zimalakwika pagome nthawi zambiri sizichokera ku kukula kwa sikirini. Mwafotokoza fanizo kwa mphindi zitatu osakhudza galasi, mukamagwetsa maso mupeza yazima, ikufuna nambala yachinsinsi. Pa iPad pitani ku Settings, Display & Brightness, Auto-Lock, musankhe Never, ndipo musayatse Low Power Mode chifukwa imafupikitsanso nthawi yozimira. Pa Samsung ili pa Display, Screen timeout: sankhani nthawi yaitali kwambiri imene ilipo. Tsekani kutembenuka kwa sikirini kuti isagone yokha mukaisuntha. Yatsani airplane mode, imene imadula netiweki, osati kungotsitsa voliyumu, chifukwa uthenga wa WhatsApp umatsika pamwamba n'kuphimba mzere woyamba. Izi zikutanthauza kuti mabaibulo onse mukhale mutawatsitsa kale mu tabuleti. Mu YouVersion, Baibulo losatsitsidwa limafuna intaneti, ndipo ambiri amazindikira zimenezi ali kumudzi kopanda netiweki. Tsegulani buku limene simunaliwerenge posachedwa, monga Obadiya, intaneti itazimitsidwa, muone ngati likubwera.

Kunyezimira ndi vuto lina. IPad wamba ilibe utoto wochepetsa kunyezimira umene mini ndi Air zili nawo, ndipo zenera kapena babu ya pamwamba pa gome imaoneka pa galasi ngati pa kalilole. Pulasitiki yomata yosanyezimira imathandiza, ngakhale imachepetsa pang'ono kuthwa kwa zilembo. Masana gwiritsani zilembo zakuda pa tsamba loyera, chifukwa tsamba lakuda ndi limene limaonetsa nkhope yanu ndi denga. Pansi pa tabuleti ikani kachidutswa ka labala kapena kava yosaterera.

Panja, pa maliro kapena pa msonkhano wachitsitsimutso, palibe kukula kumene kumapulumutsa. Mini ndi iPad wamba zimawala mpaka ma nits 500 (muyeso wa kuwala kwa sikirini), osakwanira padzuwa la Okutobala, ndipo zikatentha zimadzichepetsa kuwala kapena kuzima kaye mpaka zitazizira. Kumanda tengani Baibulo la pepala ndi mfundo zosindikiza.

Ogula yogwiritsidwapo kale, kaya yochokera ku Joni kapena ku UK, aonetsetse kuti mwini wake woyamba anachotsa akaunti yake ya iCloud kapena ya Google. IPad yotsekedwa ndi Activation Lock, loko yomangidwa ku akaunti ya iCloud, siitsegulika popanda mwiniyo. Uzani wogulitsa aifufute yonse inu muli pomwepo, muiyambitse ngati yatsopano, muike pulogalamu ya Baibulo imene mumagwiritsa ntchito kuti muone ngati ikulola, chifukwa ma iPad akale kwambiri salandiranso mapulogalamu atsopano. Kenako ikani kuwala pa theka, muisiye yoyaka mphindi 20. Batire ikatsika ndi maperesenti oposa 10 pa nthawi imeneyo, siidzafika kumapeto kwa mapemphero achiwiri tsiku limene magetsi azima usiku wa Loweruka.