Trainer yopalasira njinga m'nyumba: ndemanga ya mayi wokonzekera Ironman

Nyenyezi 4 mwa 5.

Ndinagula trainer imeneyi nditangolipira ndalama yolembetsera mpikisano wa Ironman wa ku Gqeberha, mzinda wa ku South Africa womwe ambiri timautchulabe kuti Port Elizabeth. Kwa amene simuudziwa, munthu amasambira makilomita 3.8 m'nyanja yamchere, kenako n'kupalasa njinga makilomita 180, n'kumalizira ndi kuthamanga makilomita 42.2, ndipo zonsezi azimalize pasanathe maola 17. Gawo lanjinga ndi lomwe limadya nthawi kwambiri, pa tsiku lampikisano ngakhalenso pokonzekera. Ine ndili ndi ana awiri, wamng'onoyo ali kusukulu yamkaka, ndipo ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg. Kulembetsa n'kosavuta, umangodinadina pafoni. Vuto linali loti maola opalasawo ndiwatenga kuti.

Pamenepa ndiye chidachi chandithandiza. Ndi zija umachotsa tayala lakumbuyo n'kukoleka tcheni pamagiya ake omwe. Ndimachilumikiza ndi Zwift, pulogalamu yopalasira njinga pakompyuta, kudzera pa Bluetooth, ndipo msewu wapakompyuta ukayamba kukwera, mapedulo amalimba okha. Ndimadzuka mbandakucha, anawo ali m'tulo, n'kupalasa m'chipinda choyandikana ndi chawo. Wina akalira ndimangotsika, kukamutonthoza, n'kubwerera. Kukadakhala kumsewu, bwenzi ndili kutali, mumdima, ndikupikisana ndi mataxi, zomwe bambo a anawa anakaniratu kumayambiriro komwe. Anzanga opanda ana amanyamuka Loweruka lililonse kukapalasa ku Cradle of Humankind, dera la kunja kwa Johannesburg, mpaka dzuwa lili paliwombo. Ine kumeneko ndimapita mwa apo ndi apo, ndipo kupita kwake ndimachita kupempha nthawi pasadakhale.

Phokoso n'lochepa. Lomwe limamveka ndi la tcheni ndi la fani, ndipo aneba sanadandaulepo. Koma yalani kapeti pansi, chifukwa kunjenjemera kwake kumayenda m'simenti.

Chinanso chomwe ndakonda n'choti ola lapatrainer ndi ola lathunthu. Palibe maloboti, palibe mtsetse woti upumire miyendo. Zimathandizanso pophunzira kuthamanga utangotsika panjinga, pomwe miyendo imalemera ngati wanyamula thumba la chimanga: nsapato ndimaziika pambali pomwepo, kutsika, kuvala, n'kutuluka pakhomo.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa izi. Mtengo wolembedwa pabokosi si ndalama yonse yomwe mudzawononge. Yanga inabwera yopanda magiya, ndinachita kugula padera limodzi ndi sipanala yake yomangira. Kuwonjezera apo pali fani yamphamvu, komanso pulogalamu yolipira mwezi ndi mwezi. Fani musaione ngati chinthu chamanyado. M'nyumba mulibe mphepo youmitsa thukuta, moti limangochucha n'kumadontha pahandulo ndi pamabawuti, ndipo mchere wake umayambitsa dzimbiri msanga. Ndimaphimba njinga ndi thawulo. Komanso imadalira magetsi: akathima, mapedulo salimbanso moyenera, manambala n'kuzimiririka, dongosolo la tsikulo lapita.

Chachikulu n'choti trainer sikuphunzitsani mphepo. Gqeberha ndi yotchuka ndi chimphepo, ndipo msewu wampikisano umadutsa m'mbali mwa nyanja. Kugwira njinga mphepo ikukukankhira kumbali, kumwa madzi ndi dzanja limodzi uli paliwiro, kukhota, kudya uku ukupalasa, zonsezi zimafuna msewu weniweni. Ndiye ngati mukuganiza kuti mugule trainer kuti musamatulukenso, mudzavutika. Ine ndimapalasira m'nyumba pakati pa sabata, koma maulendo aataliwo ndimayesetsa kuti ena akhale apanja, ndipo zimenezo zimatheka pokhapokha kunyumba mutagwirizana. Tinachita kukhala pansi ndi bambowa n'kugawana masiku, iwonso akhale ndi m'mawa wawo wopuma. Kusambira nako kumafuna kuchoka panyumba, palibe chida chomwe chingakupulumutseni pamenepo.

Kupalasa maola anayi ukuyang'ana khoma n'kotopetsa, sindikunamizani. Nthawi zina wamkuluyo amabwera kudzalembera homuweki yake pambali panga, iye akufunsa masamu, ine ndikuyankha mwawefuwefu.

Musanagule, onetsetsani kuti ekiselo ya njinga yanu ndi chiwerengero cha magiya ake zikugwirizana ndi trainer yomwe mwasankhayo. Ndipo ngati ana anu ndi oyendayenda, muziizimitsa n'kutseka chitseko mukamaliza, chifukwa chigudumu chake ndi cholemera ndipo chimapitiriza kuzungulira kwa kanthawi mutatsika kale.