Hotela ya akuluakulu okhaokha kugombe, mmene tinaionera

Ine ndi amuna anga tinakapuma ku hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, zija salola ana, aliyense akhale wa zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo umalipiriratu kamodzi chipinda, chakudya ndi zakumwa zomwe. Ukangofika amakumanga kachibangili pamkono, kulikonse ukangoonetsa kameneko amakupatsa osatulutsa ndalama.

Chimene chinandigwira mtima ndi bata abale. Ana timawakonda inde, koma kukhala padamu losambira popanda wokuwa kapena wokuwaza madzi kumaso, mumacheza awiriwiri nkhani mpaka kutha bwinobwino, ife tinakambirana zinthu zomwe kunyumba timangoti tikamba mawa tikamba mawa. Ogwira ntchito nawonso aulemu zedi, chipinda amakonza tsiku lililonse.

Chakudya cham'mawa chodzitengera wekha chinali bho, koma chamadzulo chimabwerezabwereza. Malesitilanti ang'onoang'ono a mkati momwemo ndiye amaphika zokoma, kungoti umayenera kubukiratu tebulo tsiku lofika lomwelo, ukachedwa upeza adzadza.

Chinandikhumudwitsa ndi choti masaji, ulendo wa paboti ndi vinyo wodula amalipiritsa padera, ndiye funsani bwino musanalipire kuti mu mtengomo muli chani. Komanso mipando yakugombe anthu amakaikapo matawulo m'bandakucha n'kusowa mpaka masana, apa a hotela akanachitapo kanthu ndithu.

Tidzapitanso, koma tidzapempha chipinda chakutali ndi bala chifukwa nyimbo zimalira mpaka pakati pausiku.