Kalaiti ka oilo koyaka ndi kuzima: galaji yomwe inandithandiza ku Biwi

Sienta yanga inandisowetsa tulo mwezi wathunthu. Kalaiti kofiira ka oilo kaja kamangoti phethi phethi ndikaima pa maloboti injini itatentha, ndikaponda mafuta kazima. Dipisitiki ikuonetsa oilo wokwanira bwinobwino. Makaniko woyamba anangosintha swichi ya oil pressure osayeza kalikonse, patatha masiku awiri kayakanso ndili pa mzere wa magalimoto ku Area 18, mtima unangoti myuu.

Ndiye mnzanga anandilozera kagalaji kena ku Biwi. Abambo a pagalajipo anayamba ndi mafunso, kamayaka nthawi yanji, oilo munasintha liti, injini ikugogoda kapena ayi. Kenako anamasula swichi ija nkumangapo geji yoyezera pulesha ya oilo, tinadikira mpaka injini itenthe, muvi nkumatsika ine ndikuona ndi maso angawa. Anati achimwene vuto si waya ayi, pulesha ikutsikadi, osayendanso nayo iyi.

Atatsitsa sampu, mokhala oilo pansi pa injini, ndinaona zoopsa, kasefa kokokera oilo katatsekeka ndi phala lakuda bii ngati phula, pampu imalephera kukoka oilo wokwanira. Anatsuka, kuika fyuluta yatsopano ndi oilo wa 5W-30, kuyezanso, pulesha ili mmalo mwake ndipo mabering sanakhudzidwe.

Chondidandaulitsa nchoti pamalopo palibe pokhala, ndinaima padzuwa kuyambira mmawa mpaka 3 koloko, komanso risiti mpaka uchite kupempha. Koma kalaiti kaja sikanayakenso, ndapita nayo ku Kasungu nkubwerako. Sevisi yotsatira ndikapanganso komweko.