Aloe wa maluwa a m'chisanu: kufesa njere kapena kudzala ana?

Mu Juni ndi Julayi, maluwa ambiri pakhomo atafota ndi mphepo ya chiperoni, aloe ndiye amatulutsa ngala zofiira ndi zalalanje, ndipo timbalame tamilomo yaitali timachezera pomwepo. Sindikunena alovera wa m'chitini uja timadula masamba ake pochiza zilonda, koma abale ake a m'matanthwe a kwathu kuno: Aloe arborescens wa ku Mulanje ndi Zomba, Aloe chabaudii, Aloe excelsa wa thunthu lalitali, ndi Aloe cameronii amene masamba ake amafiira dzuwa likamuwomba. Ameneyu akatswiri a kumunda wa zomera wa Kew, ku London, anamutcha dzinali mu 1903 pokumbukira Kenneth Cameron, yemwe anamupeza m'dziko muno. Wofuna kukhala nawo pakhomo ali ndi njira ziwiri.

Yachidule ndi ya ana. Chabaudii ndi cameronii amaphukira m'mbali ngati nthochi, ndipo arborescens amachita nthambi zambiri. Mumazula mwana kapena kudula nthambi, kuisiya pamthunzi sabata imodzi kapena ziwiri kuti bala liume, kenako kuizika mumchenga. Musathirire msanga, imaola. Pakatha chaka kapena ziwiri mwaona duwa, lofanana ndendende ndi la mayi wake. Koma mwana amabwera ndi matenda a mayi wakenso. Tizilombo toyera tomata pamasamba, ndiponso tinthata tosaoneka ndi maso timene timachititsa zotupa zonyansa pakati pa mtengo, zimasamuka ndi mphukira. Mphatso ya kwa anansi muziiyang'anitsitsa musanailowetse m'munda.

Njere zimafuna mtima wodekha, ndipo vuto limayamba musanafese n'komwe. Aloe ambiri sabereka ndi mungu wawo womwe. Mukadzaza bwalo lonse ndi ana a tsinde limodzi, maluwa adzachita bwino koma zipatso zidzakhala zosowa, chifukwa onsewo ndi mtengo umodzi. Pamafunika mitengo iwiri yosiyana makolo. Kwinaku, mitundu yosiyana ikayandikana n'kuchita maluwa nthawi imodzi, mbalame ndi njuchi zimasakaniza mungu, ndiye zomera zotuluka m'njerezo sizikhala cameronii weniweni kapena chabaudii weniweni. Ena zimawakwiyitsa. Ine ndimaona kuti kukoma kwa njere n'komweko, chifukwa simudziwa mtundu wa duwa mpaka litatuluka.

Zipatso muthyole zitayamba kuuma ndi kung'aluka pansonga, muziike m'pepala kuti zimalizike. Mukachedwa mphepo imakukololerani, poti njere zake n'zopepuka, zokhala ndi timapiko. Musazisunge chaka chathunthu, mphamvu imatha msanga. Fesani kukayamba kufunda, mu Seputembala kapena Okutobala, m'beseni lobowola pansi. Dothi likhale mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa owolerana bwino osefa. Mwazani njere pamwamba, kwirirani ndi kamchenga pang'ono chabe, ikani pamthunzi wowala. Zimamera pakati pa sabata imodzi ndi zinayi.

Apa m'pamene ambiri amataya mbande. Aloe wamkulu amapirira chilala, koma kambande sikapirira: mchenga ukauma tsiku limodzi lotentha la Okutobala kamafa, ukanyowa kwambiri kamaola patsinde n'kugwa. Njira yabwino ndi kuthirira chapansi, kuika beseni m'madzi kwa mphindi zochepa n'kulichotsa. Mvula ikayamba, lisunthireni pakhonde, chifukwa madontho aakulu amakumba timizu. Kuwokera kudikire mbande zitakwana pafupifupi chaka, ndipo duwa loyamba muliyembekezere patatha zaka zitatu, zinayi, mwinanso kuposa.

Nanga bwanji munthu n'kudzivutitsa chonchi? Choyamba, excelsa alibe ana. Amakula thunthu limodzi, ndiye popanda njere palibe njira ina koma kukazula kuphiri, zomwe zimatha mitengo yomwe yatenga zaka zambiri kuti ikule. Chachiwiri ndi kuchuluka: ngala imodzi imapereka njere mazanamazana, pamene tsinde limodzi limakupatsani ana owerengeka pachaka. Wofuna kutchinga malire a munda kapena kugulitsa mbande panazale, njere zimamutsikira mtengo kwambiri. Komanso mbande za njere zimayamba moyo zopanda tinthata tija.

Wa lendi amene sadziwa ngati chaka chamawa adzakhala pomwepo atenge ana a chabaudii kapena nthambi ya arborescens, adzale m'chidebe chonyamulika. Wa pamalo pake achite zonse ziwiri, koma ana oyambawo awapemphe kumakomo awiri osiyana, kuti pofika chisanu chachiwiri akhale ndi njere zakezake zofesa.