Ndemanga: Firefox yokhala ndi uBlock Origin pa foni ya Android

Nyenyezi 4 mwa 5.

Kwa amene bandulo yake imatha asanamalize n'komwe kuwerenga zimene anafuna, chida ichi chimathandiza kwambiri, ndipo n'chaulere. uBlock Origin ndi kapulogalamu kamene anapanga Raymond Hill, kamakhala mkati mwa browser n'kumatsekereza zotsatsa malonda ndi tinthu tolondola zochita za munthu tisanalowe mufoni. Chrome ya pa Android silola kuika tinthu totere, n'chifukwa chake pamafunika Firefox. Lite mode, imene inkachepetsako deta mu Chrome, inachotsedwa mu 2022.

Chimene chimadya bandulo si mawu a nkhani ayi. Mawu a nkhani yaitali ndithu sapitirira makilobaiti ochepa. Koma malinga ndi zimene imayeza HTTP Archive, ntchito yofufuza kulemera kwa masamba a pa intaneti, tsamba wamba masiku ano limalemera kuposa 2 MB, kutanthauza kuti bandulo ya 100 MB siifika masamba 50. Kulemeraku kumachokera ku zithunzi zimene eni tsamba amaika monga zinatulukira m'kamera, zotambalala mapikiselo 4,000 pamene pa foni zikaoneka pa malo ochepa ngati chikhatho. Ku mavidiyo odziyamba okha. Ku zilembo zokongoletsa zimene foni iyenera kudawuniloda. Ndiponso ku JavaScript ya otsatsa malonda, timapulogalamu timene timabwera limodzi ndi tsamba. JavaScript imeneyi imapweteka kawiri. Imadya deta pobwera, kenako foni iyenera kuigwiritsa ntchito, ndiye mumaona tsamba likudumphadumpha pamene chala chikufuna kudina, kumsana kwa foni kukutentha, batire ikutsika.

Kuika kwake n'kosavuta. Tsegulani Firefox, dinani timadontho titatu, pitani pa Extensions, sankhani uBlock Origin. Ikangolowa imayamba ntchito ndi mindandanda yake ya zinthu zoyenera kutsekereza monga EasyList ndi EasyPrivacy, ndipo zotsatsa zambiri zimazimiririka nthawi yomweyo.

Koma phindu lenileni lili mu Settings ya uBlock, pomwe anthu ambiri safika. Chongani "Block media elements larger than 50 KB". Chithunzi kapena vidiyo iliyonse yoposa pamenepo siidzitsegula yokha. 50 KB ndi yochepa kwambiri pa masamba ogulitsa katundu, choncho kuikweza kufika 100 kapena 150 kuli bwino. Chongeranitu "Block remote fonts", chotsekereza zilembo zokongoletsa zija. Tsamba limaoneka losakongola pang'ono koma limawerengeka chimodzimodzi, kungoti nthawi zina tizizindikiro ta menyu timasanduka timabokosi topanda kanthu. Palinso "Disable JavaScript". Ichi ndiye chimapepukitsa tsamba koposa zonse, koma musachichonge pa masamba onse. Zimitsani JavaScript pa tsamba limodzilimodzi la nkhani zongowerenga. Pa masamba a banki, olembera ntchito kapena olipirira zinthu, mabatani amafa, fomu imakana kutumizika. Zikatero tsegulani uBlock, dinani batani lalikulu lozimitsira, muyambitsenso tsambalo. Imakumbukira tsamba limenelo lokha, ena onse amakhalabe otetezedwa.

Kuti mutsimikize nokha, onani mu Settings ya foni pa Data usage kuchuluka kwa deta imene Firefox yadya, fufutani cache (zithunzi ndi zina za masamba zimene Firefox imasunga mufoni), tsegulani masamba asanu uBlock itazimitsidwa, mulembe nambala. Fufutaninso cache, mubwereze masamba omwewo itayatsidwa. Mukapanda kufufuta cache, ulendo wachiwiri umanamiza, chifukwa zithunzi zimakhala zili kale mufoni.

Nyenyezi imodzi yachotsedwa pa zifukwa ziwiri. Firefox yokha ndi yaikulu ndipo imafuna RAM (memori imene foni imagwirira ntchito) yokwanira: idawunilodeni pa Wi-Fi, ndipo pa foni ya 1 GB kapena 2 GB musatsegule matabu ambiri. Pa mafoni oterewa Opera Mini, imene imafinya tsamba pa makompyuta ake isanalitumize, ikhoza kupepuka kuposa apa, ngakhale masamba ena imawasokoneza maonekedwe. Chachiwiri, uBlock imagwira ntchito mkati mwa Firefox mokha. Mukadina linki muli mu app ya Facebook, tsambalo limatsegukira momwemo ndi katundu wake yense. Muyenera kukopera linkiyo, kapena kusankha kuti itsegukire mu browser ina, apo ayi bandulo ipita monga kale.