Mtengo wa paini pa mbendera yoyera

Abale anga kumudziko, kuno ku Massachusetts, m'dziko la America, kuli mbendera ina yoyera, pakati pali mtengo wa paini wobiriwira, pamwamba mawu akuti "An Appeal to Heaven", ndiye kuti kudandaulira Kumwamba. Ine ndinkayesa ya mpingo. Anandiwongolera ndi agogo ena amene ndimawasamalira ku Beverly, tauni ya m'mphepete mwa nyanja: ati imeneyo ndi ya nkhondo ya pamadzi.

Mu 1775 George Washington, mtsogoleri wa asilikali a ku America pa nkhondo yofuna ufulu kuchoka mu ulamuliro wa Britain, anazinga asilikali a Britain mumzinda wa Boston, koma onga unkamuchepera. Anatenga tizombo ta asodzi ndi amalonda, n'kuikamo mizinga kuti tizilanda katundu wa adani. Koyamba kanali Hannah, konyamukira pa Beverly pomwe pano. Mu Okutobala mlembi wake, Joseph Reed, analemba kalata yoti tizomboto tikhale ndi mbendera imodzi yozindikirirana panyanja: nsalu yoyera, mtengo pakati, ndi mawu aja. Pofika 1776 boma la Massachusetts linali litaisandutsa mbendera ya zombo zake.

Chinandigwira mtima ndi mtengowo. Paini wa kuno amatalika mowongoka tswii, ndiye mfumu ya ku England inkamufuna wa milongoti ya zombo zake zankhondo. Kuyambira 1691, paini wonenepa mainchesi 24 kapena kuposa, womera pamalo osagawidwa, anali wa mfumu. Akapitawo ake ankalowa m'nkhalango n'kutema pakhungwa chizindikiro chonga muvi. Tangoganizani, nkhalango mwakuliramo nokha, nkhwangwa muli nayo, koma mtengo wabwino ndi wa munthu amene sanapondepo phazi. Mu 1772 ku Weare, New Hampshire, amuna anadzipaka mwaye kumaso n'kukwapula wamkulu wa boma amene anabwera kudzamanga mnzawo pa mlandu wa mitengoyi.

Mawu apamwamba aja ndi a John Locke, katswiri wa nzeru wa ku England, amene analemba kuti anthu akasowa woweruza mlandu wawo pansi pano, chotsala n'kudandaulira Kumwamba.

Masiku ano ena akaiona amakwinya nkhope, poti inaonekanso m'manja mwa anthu amene anathyola nyumba ya malamulo ku Washington pa 6 Januwale 2021. Agogo aja yawo anaitsitsa pakhonde. Anandipempha kuti ndiisite, tinaipinda awiri, ili m'kabati pamodzi ndi zithunzi za malemu amuna awo.