Chofanizira cha mapu a dziko a ku Babylon: kutsogolo anagwira ntchito, kumbuyo anakusiya

Nyenyezi 3 mwa 5.

Chinthuchi n'chofanizira cha phale ladongo limene lili ku British Museum ku London, nambala yake 92687, lija amati mapu a dziko a ku Babylon, Babulo wa m'Baibulo uja. Chimagulitsidwa pa intaneti, ndipo ndemangayi tikuilemba titachigwiritsa ntchito pophunzitsa teremu yathunthu.

Pa kukula anakhoza. Phale lenilenilo ndi la masentimita 12.2 m'litali ndi 8.2 m'lifupi, ndipo chofanizirachi n'chimodzimodzi, chimakwana m'dzanja. Musakopeke ndi zija amazikulitsa kuti zikongole pakhoma. Munthu akagwira cha msinkhu weniweni ndi pamene amadabwa kuti mlembi anaika dziko lonse pamalo ochepa kuposa chikhatho. Anachiumba ndi resin, mtundu wa pulasitiki wolimba, si dongo, choncho n'chopepuka ndipo chikagwa patebulo sichisweka.

Mapuwo atuluka bwino. Mizere iwiri yozungulira ikuoneka, ndipo pakati pa mizereyo mpamene mlembi analemba mawu oti marratu, kutanthauza mtsinje wowawa, nyanja yamchere imene ankati yazinga dziko lonse. Mizere ina iwiri ikutsika kuchokera kumapiri a kumpoto mpaka kumadambo a kumwera: umenewo ndi mtsinje wa Euphrates, ngakhale mlembi sanaulembe dzina. Babylon ndi kabokosi kopingasa pamtsinjewo, ndipo sali pakati penipeni, wakwera pang'ono chakumpoto. Pakatipo pali kabowo. Ena amayesa kuti n'cholakwika cha chikombole n'kufuna kukamata, koma kalipo paphale lenileni, ndipo akatswiri amati mwina mpamene panaima msonga ya chida chojambulira mizere yozungulirayo. Timadontho toimira dziko la Assyria ndi mizinda ya Der ndi Susa tikuonekanso.

Tsono vuto lalikulu nali. Kumbuyo n'kosalala, kulibe chilembo n'chimodzi chomwe. Kunja kwa nyanja yozungulirayo kuli zigawo za makona atatu zotchedwa nagû, zoloza kunja ngati minga, ndipo chimene chimafotokoza zigawozi ndi mawu a kumbuyo kwa phale. Kumeneko mlembi akutchula zigawo zisanu ndi zitatu, chimodzichimodzi, n'kunena mtunda woyenda kuti munthu akafike. Mtundawo ankauyeza m'ma beru, ndipo beru imodzi ndi ulendo wa maola awiri wapansi, makilomita khumi ndi pang'ono. Popanda mawu amenewa, wogula watsala ndi chojambula cha mizinda ndi mtsinje, pamene mlembi uja ankafuna kusonyeza zimene zili kutsidya kwa dziko lodziwika, kumene munthu wamba safika. Kutsogolo, pa za zigawozi, kwangotsala kachiganizo kamodzi kopatsa chidwi, pambali pa chigawo cha kumpoto, koti kumeneko dzuwa silioneka. Chikombole cha mbali ziwiri sichikanakweza mtengo kwambiri, ndipo kusiya mbali imeneyi n'kudula nkhani pakati.

Chothandiza n'chakuti zithunzi za phaleli zimapezeka pa tsamba la British Museum mukalemba nambala ija. Sindikizani cha kumbuyo pa msinkhu womwewo wa 12.2 ndi 8.2, muchimate pa katoni, chiziyendera limodzi ndi chofanizirachi.

Vuto lachiwiri ndi penti. Anapaka yakuda m'timaenje ta zilembo kuti zioneke zakale, koma yadzaza timaenjeto, makamaka m'mizere ya mawu olembedwa pamwamba pa mapu. Zilembo za mtundu umenewu, zotchedwa cuneiform, sankazikanda ngati polemba pamchenga. Ankadinda nsonga ya bango padongo lofewa, ndipo zimawerengeka chifukwa cha mthunzi umene umagwera m'kati. Penti ikadzaza, mthunzi umasowa. Chochita n'chophweka: zimitsani getsi la pamwamba, gonekani phale patebulo, muunike ndi tochi ya foni kuchokera chakumanzere kumtunda, tochiyo ili chogona pafupi ndi tebulo. Zilembo zambiri zimadzuka. Musayese kuchotsa pentiyo ndi thina kapena sipiriti, chifukwa resin imachita mbuu ndipo nsonga za zilembo zimafufutika. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa, ndipo musachisiye pawindo padzuwa.

Mizere ya pamwambayo ndi yofunika chifukwa ndiyo imalumikiza mapu ndi nkhani ya chiyambi cha zinthu. Imatchula mulungu Marduk ndi zamoyo zimene analenga, imatchulanso Utnapishtim, amene anapulumuka chigumula, ndi mfumu Sargon. Kapepala kamene kamabwera m'bokosi sikanenapo kanthu pa zimenezi. Kangoti awa ndi mapu akale kwambiri a dziko, basi. Mphunzitsi ayenera kuwonjezera yekha nkhani ya chilengedwe ya ku Babylon yotchedwa Enuma Elish, yolembedwa pa mapale asanu ndi awiri, imene zidutswa zake zinapezeka m'laibulale ya mfumu Ashurbanipal ku Nineveh. M'menemo poyamba munali madzi okhaokha, Apsu wa madzi abwino ndi Tiamat wa nyanja. Marduk anapha Tiamat n'kumung'amba pakati ngati nsomba yoyanika: mbali imodzi anaikweza kukhala thambo, n'kuika alonda kuti madzi a kumwamba asatsike, inayo inakhala dziko, ndipo Tigris ndi Euphrates inatuluka m'maso mwake. Anthu anaumbidwa ndi magazi a Kingu, mulungu amene anatsogolera asilikali a Tiamat, kuti azigwira ntchito, milungu ipume. Wophunzira akamva zimenezi ndiye amazindikira chifukwa chake pamapupo madzi azinga mbali zonse.

Musanalipire, funsani wogulitsa chithunzi chapafupi cha zigawo za makona atatu zija. Mu 1995 Edith Horsley, amene ankathandiza mongodzipereka ku British Museum, anapeza kachidutswa kokhala ndi chimodzi mwa zigawozi, ndipo Irving Finkel, katswiri wa zilembo za cuneiform, anakalumikiza paphalelo. Chikombole chotengedwa pa zithunzi zakale sichikhala nako. Chathuchi chili nako, ndipo nyenyezi yachitatu yachokera pamenepo. Yerekezani ndi chithunzi cha pa tsamba lija.

Kapepalako sikananenenso kumene phaleli linachokera. Linatuluka m'zofukula za Hormuzd Rassam ku Iraq, ambiri amati ku Sippar, n'kufika ku London mu 1882. Linalembedwa m'zaka za m'ma 600 kapena 500 Yesu asanabadwe, ndipo mlembi ankakopera pa lina lakale kuposa limeneli.

Choimikira chake chapulasitiki n'chopapatiza, chimagwa munthu akangogunda tebulo. Ligonekeni pansalu, mmenemonso ndi mmene tochi imagwirira ntchito bwino.